A Delbert, Mfuti ya Agogo ndi Tayala

Kwathu kuno ku Dakota, m'dziko la Amereka, aliyense ali ndi mfuti, ngakhale abusa. Koma mlenje amene ankawombera atabisala kuopa mfuti yake yomwe anali mmodzi yekha: malemu Delbert Haugen.

Mfutiyo inali ya agogo awo, ya mipope iwiri yachitsulo chopota, yakale moti ndi dzimbiri lomwe linkaipatsa ulemu. Mfuti zotere ukaziikira chipolopolo chaukali chamakono, mpope umasendeka ngati nthochi, zala n'kupitira pomwepo. A Delbert za zala sankadandaula kwenikweni. "Zala ndili nazo khumi," ankatero, "koma mfuti agogo anasiya imodzi."

Akalowa m'sitolo mwa Duane wogulitsa zipolopolo, ogula ena ankayamba kufuna mipando.

"Ichi chatalika, Duane. Yanga imadya zazifupi."

"Nanga ichi, mdala?"

"Muli tizitsulo. Ukufuna undikandire mpope? Ya agogo imadya mtovu wofewa. Ndi nkhalamba ija, ilibe mano."

"Chabwino. Ichi n'chachifupi, n'chamtovu, wonga wake ndi wofatsa."

"Wofatsa? Unalowamo?"

Akagula, ankapita kuseri kwa khola, n'kumangirira mfutiyo pa tayala lakutha la thirakitala. Kenako ankamanga chingwe chachitali pa kachitsulo kowombera, iwo n'kukagwada kuseri kwa galimoto, chipewa kumaso. Phuu! Utsi ukatha ankakwawa kukasisita mipope.

"Chimenechi ndiye chabwino!"

"Ndiye tiyeni kutchire, alamu," ankatero Vern, mchimwene wa akazi awo a Arlene. "Nkhwali zikutidikira."

"Ndi chipolopolo chiti? Chabwinocho ndawombera kale."

"M'bokosimo mwatsala zambiri, zofanana ndendende!"

"Iwe ndi Arlene munatuluka m'mimba imodzi, koma nzeru zinapita kwa mmodzi. Bwera nacho china tiyese."

Bokosi lonse linkathera pa tayala. Madzulo a Arlene ankawalandirira pakhomo. "Alenje afika! Lero ndikazinge chiyani, bambo, chingwe kapena tayala?" A Delbert ankangodya mbatata zawo mwaulemu ngati munthu amene wapulumutsa mudzi.

Mbalame anaphapo imodzi. Tsiku lina akukoka chingwe chija, nkhwali ina yopanda mwayi inadutsa kutsogolo kwa mfuti, n'kugwa phi! A Delbert anayenda nayo tauni yonse. Koma m'nyumba yomwera khofi anyamata anakhala pansi n'kugamula kuti mbalameyo wapha ndi tayala, poti ndilo linagwira mfuti. Chaka chimenecho pa phwando la alenje, tayala analiitana ndi dzina, eni ake anangoperekeza.

Chaka chawo chomaliza miyendo inali itayamba kukana. Vern anawanyengerera mpaka anavomera kulowa m'munda wa chimanga chokololedwa, mfuti paphewa, m'kati muli chipolopolo chachifupi chofatsa chimene Duane analumbirira. Galu wa Vern anaima chilili atanunkhiza mbalame. Nkhwali inanyamuka pansi pa mapazi awo enieniwo, yonenepa, youluka mwaulesi ngati yatumidwa.

"Wombani, alamu! Wombani!"

A Delbert anailondola ndi mfuti mpaka inakazimirira kuseri kwa mitengo. Kenako anatsegula mfuti, natulutsa chipolopolo, n'kuchiika m'thumba.

"Ndikanaipha, Vern. Waona wekha."

"Nanga bwanji?"

"Kumene ndikupitaku ndikakumana ndi agogo. Sakandifunsa za nkhwali."

Anatisiya nyengo yachisanu isanathe, zala zonse zilipo, mfuti ilibe ndi kamng'alu komwe. A Arlene anaipachika pamwamba pa chitseko, ndipo aliyense woyandikira amamufunsa kaye ngati wasamba m'manja.

Masiku ano m'sitolo mwa Duane anthu amangoloza bokosi, kulipira, n'kutuluka. Mipando ija Duane anaichotsa. Kuseri kwa khola kuli zii, chingwe chinaola. Tayala lilipobe. Vern atapitako kuti akalichotse, anapeza nkhwali yaikiramo mazira. Anavula chipewa, n'kubwerera chonyang'ama.