Mbava Zitatu ndi Mpando wa a Odell Pruitt

Pulaniyo inabadwira ku bala ya Marvin Lachinayi masana, dzuwa la Texas likuwotcha malata. Mwini wake anali Royce Tidwell, amene timamutchula Injiniya chifukwa anagwirapo ntchito ku kampani ya magetsi mpaka tsiku limene anazimitsa tauni yonse. Pambali pake panali Wendell, Mbusa, amene analowa sukulu ya ubusa n'kutuluka asanafike pa buku la Levitiko. Wachitatu anali mlamu wanga Lonnie, Thirakita, munthu woti n'kunyamula ng'ombe koma nzeru zake zimafika mawa. Zambiri zimene ndikunenazi anandiuza ndi iyeyo, ndipo Lonnie sanama. Bodza limafuna mutu.

"Aise, kagitala kamene amaimba mdala Pruitt mukukadziwa?" anafunsa Injiniya.

"Katebulo kaja?" anatero Thirakita.

"Katebulo komweko. Ku Houston kuli shasha wina amasonkhanitsa zakale zoterozo. Akuti ija mtengo wake ndi pikapu yatsopano. Lamulungu kuli phwando la parishi ku Dubek. Bandi imatchera zida m'holo Misa isanayambe. Misa ikatha, gulu lonse limapita kuseri, pansi pa mitengo, kukadya nyama. M'holo mumatsala ntchentche. Kulowa, kunyamula, kutuluka."

"Kuba Lamulungu, pa tchalitchi?" anadandaula Mbusa.

"Iwe ndi wa Baptist, awo ndi Akatolika. Sizikukukhudza."

Mbusa anaganiza pang'ono n'kuona kuti mfundoyo inali ndi mutu. Anaitanitsa mowa wina.

Ine ndimaimba gitala ya besi mu bandi ya a Odell Pruitt, ndipo ndaima kumanzere kwawo kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Gitala yawo ndi ija yogona, ya miyendo inayi, nsambo pamwamba, mapedulo pansi opondera ndi phazi, ndi tizitsulo tina tokankha ndi mawondo. Munthu woimba chinthu chimenechi manja, mapazi ndi mawondo zonse zili pa ntchito, ndiye amaimba chokhala, mutu atazolika. Kuno kwathu aliyense amadziwa pamwamba pa chipewa cha a Odell. Nkhope yawo ndi ochepa amaidziwa.

Ndiye pali mpando. Woimba gitala yogona aliyense ali nawo: bokosi la miyendo yopinda, khushoni pamwamba, chogwirira m'mbali. Ukatsegula chivindikiro, moyo wonse wa munthuyo uli momwemo. Wa a Odell ndi wonyansa, womatidwa ndi tepi yakuda paliponse, ndipo ndaukweza masitepe a maholo onse a m'chigawo muno ndikutukwana chamumtima.

Lamulungu limenelo silinali wamba. Akazi awo a Odell, mayi Maxine, mutu unali utayamba kutaya anthu mmodzimmodzi, mpaka unataya ndi mwamuna yemwe. Ankawatchula kuti "bambo aja amandidyetsa". Koma panali nyimbo imodzi ya wolosi, yovina awiriawiri mozungulira, imene a Odell anawapekera ali pa chibwenzi. Ikalira pa gitala ija, nthawi zina mayiwo ankabwerera kwakanthawi. Lolemba mwana wawo anali kudzawatenga kupita nawo kosamalira okalamba ku Austin, ndipo a Odell anali atandiuza kuti, "Ray, ndikufuna anditchule dzina kamodzi kokha asanapite." Mbava zathu zinalibe nazo ntchito zimenezi, ndiponso sizinkazidziwa.

Vuto loyamba linafika tsikulo m'mawa. Pikapu ya Thirakita, imene pulani yonse inatsamira, anali ataitenga mkazi wake, mlongo wanga Darlene, kukasiya saladi ya mbatata ku phwando lomwelo.

"Unamuuza kuti tikuifuna?" anakalipa Injiniya.

"Akanafunsa kuti ya chiyani."

"Ukananama!"

"Kwa Darlene?"

Za pikapu zinathera pomwepo. Anakwera kagalimoto ka Mbusa, ka zitseko ziwiri, kamene kumbuyo kumakhala bwino munthu wopanda miyendo.

Kulowa kunayenda monga mwa pulani, pakuti ku Dubek holo sitikiya. Kunyamula ndiye kunayamba kuvuta. Injiniya anagwira mbali imodzi ya gitala, kukoka, msana n'kulira.

"Mwaikamo simenti kodi? Thirakita, geni yako iyi."

Thirakita anaikumbatira ili chiimire, miyendo ili balala ngati mwana wa ng'ombe wopita ku dibi. Mbusa anachita manyazi kutuluka chimanjamanja anzake akugwira ntchito, ndiye anatola mpando.

"Zinyalala izo ukupita nazo kuti?" anatero Injiniya.

"Ndanyamula kale."

Pa galimoto anayesa ku buti. Inakana. Anayesa pa chitseko, miyendo patsogolo. Inakana. Anayesa chammbali, Injiniya akulamula, Thirakita akukankha ndi phewa, mpaka chinachake chinalira kuti khwee kunsi kwake. Anaiika pansi n'kuiyang'ana, iyonso ikuwayang'ana.

"Timasule miyendo," anagamula Injiniya.

Ya anthu ena miyendo imamasuka ndi manja. Ya a Odell ayi. Mwendo unawagwerapo pakati pa nyimbo chaka china pa ukwati, ndiye kuyambira pamenepo anaimanga ndi tizitsulo tobisika tofuna kasipanala kokhota, kakang'ono ngati chala. Injiniya anayesa ndi mpeni, mpeni unathyoka. Anayesa ndi kiyi ya galimoto, Mbusa n'kumulanda. Thirakita, atatopa, anatambasula miyendo ya mpando uja n'kukhalapo, akupukuta thukuta.

"Mdalayu ngakhale ndi wosauka, mpando ali nawo wofewa," anatero.

"Mbusa," anatero Injiniya, "iwe nkhope yako ndi ya tchalitchi. Pita kuseriko ukabwereke sipanala. Upeze nkhalamba iliyonse, nkhalamba sizifunsa."

Ine ndinali pa mzere wa soseji pamene ndinamuona Mbusa akuyenda pakati pa matebulo, manja atapinda ngati wabwera kudzatonthoza ofedwa. Anandilambalala chifukwa amandidziwa. Anasankha bambo wina wadazi, wopanda chipewa, amene anali kumapeto kwa tebulo akudulira mkazi wake nyama tizidutswa.

"Pepani bambo, mtendere ukhale nanu. Mungakhale ndi kasipanala? Tikufuna kumasula miyendo ya gitala yogona."

A Odell, pakuti anali iwowo, anaika foloko pansi.

Oimba gitala yogona ndi mtundu wochepa ndi wosungulumwa. Akazi awo safuna kumva za mapedulo, ana awo amathawa. Ndiye akamva kuti pena pake pali gitala ina, amasiya chilichonse, ngakhale maliro, kukaiona kunsi kwake.

"Gitala yogona? Kuno? Ya ndani?"

"Ya... achimwene athu. Alendo."

"Alibe mpando achimwene anuwo?"

"Mpando ulipo, bambo."

"Nanga? Sipanala imakhala mu mpando. Woimba wanji wosadziwa zimenezo?" Anadzuka akupukuta pakamwa. "Buford! Nacho! Kwabwera gitala kunja kuno! Darlene, mama, tandiyang'anire mayiwa pang'ono."

A Buford Kolb ndi a Nacho Trevino, madala awiri oimba gitala yomweyo, anadzuka nthawi imodzi. Anadzukanso Noemi Salazar, wapolisi wa dera lathu, amene amaphunzira kuimba kwa a Odell Loweruka lililonse. Anali mu yunifolomu, mbale ya nyama ili m'manja. Ine ndinasiya mzere n'kutsatira. Mbusa anatitsogolera akupemphera, ndipo ndikhulupirira kuti linali pemphero lake loyamba lochokera pansi pa mtima.

Injiniya atationa tikukhota pa ngodya ya holo anaima kutsogolo kwa gitala, manja m'chiuno, ngati angaibise. A Odell anamulambalala. Anayang'ana gitala, anayang'ana galimoto, kenako anayang'ana chimene Thirakita anakhalira.

"Lonnie," anatero mofatsa, "tadzuka, mwanawe."

Thirakita anadzuka. A Odell anakankha kaloko kam'mbali, chivindikiro n'kutseguka ndi khushoni yake yomwe. Munali nsambo zatsopano, mawaya, chitsulo chosalala chotsetsereka nacho pa nsambo, zikhadabo zachitsulo zovala ku zala, pulayala, kanyundo, botolo la mafuta, mankhwala a mayi Maxine, ndi theka la banzi la jamu. Pamwamba penipeni panali kasipanala kokhota.

Injiniya anakayang'ana nthawi yaitali.

"Nthawi yonseyi unakakhalira?"

"Ndimamva zinthu zikulira ndikasuntha," anatero Thirakita. "Ndimayesa ndi m'mimba."

"Bwana wapolisi," Injiniya anatembenukira kwa Noemi, "ife tinaipeza panja gitalayi. Timati tikaisunge."

"M'galimoto ya Wendell?"

"Poopa mbava."

Atanena zimenezo anayang'ana kumsewu n'kuyamba kusendera chammbuyo.

"Musathamange, a Royce," anatero Noemi akuluma soseji. "Ndangodya kumene, ndipo kwanu ndikukudziwa."

Tonse tinali pafupi kuseka. Koma a Odell anali atagwada kusuzumira kunsi kwa gitala, ndipo atadzutsa mutu nkhope yawo inali ina. Ndodo yachitsulo yolumikiza pedulo yoyamba ndi nsambo inali itapindika, kambedza kake katathyoka. Popanda pedulo imeneyo gitala ija silira, imangolankhula, ndipo nyimbo ya mayi Maxine yonse imakwera ndi kutsika pa pedulo yomweyo. Sitolo yogulitsa zoterezi ili kutali, ndipo Lamulungu ndi yotseka.

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndikanakhala ndi msinkhu wa Thirakita ndikanamumenya mlamu wanga pamaso pa wapolisi. A Odell sanakalipe. 

"Gule ayamba anthu akamaliza kudya," anatero. "Lonnie, gwira uku. Iwe wa mapemphero, uko. Tembenuzani, miyendo m'mwamba. Mukaigwetsa ndikuuzira Darlene ndekha."

Anapisa mu mpando, pansi pa mawaya, n'kutulutsa kachitini ka fodya kodzaza tizitsulo takale. A Buford anawongola ndodo ndi kanyundo pa bampala ya Mbusa, Mbusa akutseka maso pa kumenya kulikonse. A Nacho anapeza kambedza kena m'kachitinimo, ka gitala imene inafa kalekale. Sikanakwane. Anakapala ndi tupa, lochokeranso mu mpando momwemo, mpaka kanalowa. Injiniya anapatsidwa ntchito yogwira botolo la mafuta, ndipo analigwira mwaukatswiri.

"Igwira?" ndinafunsa.

"Nyimbo imodzi mwina," anatero a Odell.

Noemi anaimba foni ku tauni kuitanitsa galimoto ya apolisi, koma anamuuza kuti ichedwa. Ndiye analowetsa atatuwo m'holo, akunyamula okha gitala kuibwezera pomwe anaichotsa, kenako anawakhazika pa benchi ya kukhoma, unyolo ukulumikiza dzanja la uyu ndi la uyo. Darlene anabwera, anamuyang'ana mwamuna wake kamodzi kokha, n'kubwerera kukakhala ndi mayi Maxine. Thirakita akuti pa zonse za tsikulo, chimenecho ndiye chinamuwawa.

"Pulani inali bho," Injiniya ankauza aliyense wodutsa. "Vuto linali galimoto."

A Odell anakhala pa mpando wawo, anavala zikhadabo, n'kunditembenukira. "Tiyambe ndi ya Maxine ijayi, Ray. Sindikudziwa ngati kambedzaka kafike nyimbo yachiwiri."

Tinayamba. Ndinkangoyang'ana phazi lawo lakumanzere. Linatsika pa pedulo, nsambo zinakwera, kambedza kanagwira. Anthu anatengana awiriawiri n'kuyamba kuzungulira. Mayi Maxine anali pa tebulo lakutsogolo akupinda kansalu kopukutira pakamwa, kukatambasula, kukapindanso. Ndime yoyamba inatha. Yachiwiri inatha. Sanadzutse mutu. Mtima unandiwawa, ndipo ndinamva a Odell akuyamba kufulumira, monga amachitira munthu amene akufuna kuti chinthu chingotha.

Kenako kansalu kaja kanagwa pansi. Mayi Maxine anadzuka, anayenda pakati pa ovina mpaka kutsogolo kwa nsanja, n'kuima manja m'chiuno.

"Odell," anatero mokweza, holo yonse n'kumva. "Ukuthamangira kuti? Anthu avina bwanji choncho?"

A Odell sanasiye kuimba. 

"Pepa, Max," anatero.

"Chepetsa."

Anachepetsa. Mayiwo anatsala pomwepo, akugwedeza mutu motsatira nyimbo, dzanja limodzi lili pa ngodya ya gitala. Pa benchi ya kukhoma Thirakita ankalira poyera, ndipo akafuna kupukuta misozi ankakoka dzanja la Injiniya n'kudzipukuta nalo.

Nyimboyo ndi yaifupi, koma titafika kumapeto a Odell sanandipatse chizindikiro chomaliza, ndiye tinabwerera koyamba. Tinabwereranso. Zala zanga zinachita dzanzi. Galimoto ya ku tauni inafika, apolisi awiri analowa kudzatenga anthu awo, Noemi anawakwezera dzanja, ndipo anaima pakhomo kudikira.