Mphira 34 za Mkamwini Wanga

Lolemba, 14 Julayi

Zofika pakhomo pano lero:
Mkamwini: 1
Lole yopopa konkire: 1
Molumikizira mapaipi ake: 20
Mphira zatsopano, m'katoni: 20
Mphira zakale, m'ndowa: 14
Mphira zonse: 34

Bambo a Tadala, amuna a mwana wanga Linesi, afika kuchokera ku Blantyre. Agona kuno ku Masongola mpaka Lamulungu. Loweruka athira silabu ya holo ya tchalitchi chathu ku Chinamwali. Amene anawatchula m'komiti ya zomangamanga ndine, ndipo ndinalankhula nditaimirira. Zikalakwika, dzina loipa ndi langa.

Loleyo ili ndi mkono wachitsulo wopindikapindika, mapaipi atatsatira m'mbali mwake. Polumikizira paliponse pamalowa mphira yozungulira ngati nkhata, n'kufinyidwa ndi chitsulo chomangira. Ndawamva akufotokozera aNambewe, aneba anga, pampanda: "Imodzi ikangotha, madzi a simenti amathawira pomwepo, miyala imatsala yokha, paipi n'kutseka." Akuti Lachisanu asintha zonse.

Ine sandifotokozera. Mkamwini woleredwa bwino sayang'ana apongozi kumaso. Nkhani zathu zimadzera pa foni ya Linesi ku Blantyre, ngakhale tikugona denga limodzi.

Ndowa ya zakale ija ndi yonyansa. Ndinaphunzitsa masamu moyo wanga wonse, ndipo uve sindinauloleko m'kalasi. Pofika Loweruka zonse zikhala m'dongosolo.

Lachiwiri, 15 Julayi

Apita ku Chinamwali kukaona matabwa. Ine: beseni 1, sopo theka, mswachi wakale 1, mpeni wobuntha 1. Simenti ikumatuka zibenthuzibenthu. Zonse 14 zatuluka zakuda bii ngati za m'sitolo.

ANambewe pampanda: "Mundigawireko imodzi, amayi, nkhata yansalu yanditopetsa." Ndakana. Katundu wa eni.

Chiperoni chatsika, phiri lasowa. Ndayanika pakhonde. 14 ndi 20, 34.

Lachitatu, 16 Julayi

Katoni yanyowa, yabooka kunsi. Ndakhuthulira zonse m'beseni limodzi. Zakalezo zili ndi timing'alu tosaoneka bwino. Polishi wakuda wa nsapato amene anasiya malemu bambo, amuna anga, watseka tonse. Kuti pasakhale tsankho, ndapaka ndi zatsopano zomwe. Kuwala kwake!

Madzulo bambo a Tadala aima pabesenipo nthawi yaitali. Avula chipewa. Akanda m'mutu. "Zikomo kwambiri, amayi," akuuza khoma.

Munthu woyamika. Ndawaonjezera nsomba.

Lachinayi, 17 Julayi

Foni ya Linesi. "Amayi, akuti za m'ndowa zija zinali zotaya. Amazizindikira ndi litsirolo." Ndafunsa chifukwa chake sananene okha. "Anene bwanji, inu muli apongozi?"

Palibe samu yopanda njira. Chinthu chakutha chimapepuka. Ndatulutsa sikelo yoyezera ufa wa keke.
Zolemera: 11
Zopepuka: 8
Zokayikitsa: 15
Zonse ndi 34 ndithu, koma sikeloyi imadziwa ufa, mphira ayi.

Pawindo la kukhitchini ndikuwaona kuseri kwa lole. Atengera beseni kumeneko, akupinda mphira imodziimodzi, kuiyang'anitsitsa, kuikanda ndi chikhadabo. Akubisala kuti ndisachite manyazi. Ine ndikubisala kuti asadziwe kuti ndaona. Tadya mpunga wa nyemba mwamtendere, iwo pabalaza, ine kukhitchini.

Lachisanu, 18 Julayi

M'mawa pakhonde pali milu iwiri, yabwino ndi yotaya: 21 ndi 13. Zosatheka. Lolemba zinali 20 ndi 14, ndinalemba ndi dzanja langa. Ina yakale yazembera m'gulu la zatsopano.

Eni ake apita kukapangana ndi obweretsa konkire. Foni ya Linesi siikupezeka, kaya ndi magetsi. Ndayeza zonse 21 pasikelo. Imodzi ikuoneka yopepukirako, ndaichotsa. 20 ndi 14. Mtima wakhala m'malo.

Yochotsedwayo ndapatsa aNambewe. Aikulunga m'nsalu, aiyesa pamutu, avina mpaka pampopi.

Masana kusintha. Kumasula chitsulo, kupala m'mphepete mwa paipi, kupukuta, kupaka girizi, kulowetsa mphira, kumanganso. Chimodzimodzi malo onse 20, osafupikitsa. Ntchito yokoma kuonerera. Pomaliza asuzumira pansi pa lole ngati amayembekeza kutsala ndi ina yapadera. Ayang'ana chakukhitchini. Atseka bokosi la zitsulo zomangira.

Loweruka, 19 Julayi

Kwacha bwino, phiri likuoneka lonse ndi mitengo yake ya paini. Amayi a mpingo 16, mabulauzi oyera mbee, aima pafupi ndi lole n'kumaimba. Abusa apemphera. Mkono watambasuka kupitirira mtengo wa mango. Makina akugunda ngati mtima. Ine ndikugwedeza mutu kwa a komiti mmodzimmodzi.

Ndime yachiwiri ya nyimbo, polumikizira pena palavula. Mvula yotuwa! Nyimbo yathera pakati pa liwu. Makina azimitsidwa.

Wapampando wa komiti, magalasi atamatika simenti: "Mayi, si inu munati ndi katswiri?" Wobweretsa konkire akuti katundu wake sadikira munthu, akauma m'galimoto ataya zonse kudambo. Mkamwini wanga atsitsa mkono, amasula chitsulo. Mphira yang'ambika, mng'alu wake wodzaza polishi wa malemu bambo. Aiona, aibisa m'thumba la ovololo. "Ndinalakwitsa kumanga ndine," akuuza wapampando. Yapadera alibe.

Nthawi yomweyo aNambewe, amene abwera kudzathandiza kutunga madzi, akudutsa ndi ndowa pamutu. Ndawatula ndekha. Ndamasula nsalu. Ndadutsa pakati pa mpingo wonse mpaka pamaso pa mkamwini wanga.

"Bambo a Tadala, yesani iyi."

Chikwatireni Linesi, ndi mawu athu oyamba maso ndi maso. Aipinda, aikanda, andiyang'ana. "Iyi ndi yatsopano, amayi. Zikomo." Ulendo uno auza ine, osati khoma.

Kupala, girizi, kumanga. Makina agundanso. Silabu yatha dzuwa lisanalowe kuseri kwa phiri.

Lamulungu, 20 Julayi

Kutchalitchi amayi 7 abwera atafunda zitenje, mabulauzi akana kuyera. Abusa athokoza "amayi athu oona patali, amene anasunga mphira yapadera". Sindinatsutse. M'nyumba ya Mulungu sitikangana. Potuluka ndauza wapampando kuti kumanga kunalibe vuto, vuto linali polishi. Sanamvetse, koma agwedeza mutu.

ANambewe akufuna nkhata yawo. Ndawapatsa ina ya m'gulu lotaya. Akuti ndi yophwatalala, yoyamba ija inali yabwino. Ndikudziwa.

M'mawa ndinaona kuti zitsulo zomangira zija zili ndi dzimbiri, beseni ndinali nditakonza kale. Koma bokosi lake ndalipeza lili ndi loko watsopano. Lole yanyamuka masana. Atsanzika atavula chipewa, akuyang'ana pakati pa ine ndi khoma. Ndawapakirira mapeyala.

Linesi pa foni: "Akuti zotsalazo ndi zanu, muzizitsuka mmene mungafunire."

Pa makina: 20
Yong'ambika: 1
Pamutu pa aNambewe: 1
Zanga: 12
Mphira zonse: 34
Mabulauzi owonongeka: 7
Silabu: 1, ikuuma bwino

Masamu sanalakwe tsiku ngakhale limodzi.

Ine,
Esinati Nankhoma