Che Amidu Ankameta Malambe

Aliyense amene anakhalako kwa Mponda m'zaka zija mwamuna wa tsitsi lalitali ankagwidwa pamsewu, akukumbukira Che Amidu, wometa uja amene ankameta malambe. Apa palibe kuphiphiritsa ayi. Iwo ankati lumo lopinda, lija lonolera pa lamba wachikopa, siliyenera kukhudza khosi la munthu lisanaphunzire ulemu pa ubweya wa dambe.

Amene anazionera pafupi zimenezi ndi a Jeremiya. Iwo anabwerako ku Joni chaka chimene Wenela inaleka kutenga anthu, ndipo anakhala pachikamwini opanda ntchito. Apongozi awo anayamba kufunsa mokweza ngati mkamwiniyo anabwera kudzalondera mthunzi. Tsono mkazi wawo, Esitere, anawauza poyera kuti mvula ikagwa asanapeze luso, abale ake adzawakweza lole ya ku Makanjira kwawo.

"Ambuje, ndiphunzitseni lumo," anatero a Jeremiya atafika kwa Che Amidu.

"Manja awa ankatani ku Joni?"

"Ankaswa miyala."

"Kalanga ine! Anthu anga alibe miyala pachibwano."

Komabe anawalandira. Anakhazika dambe pampando, nalifunditsa nsalu yoyera, nalipaka thovu la sopo.

"Apatseni moni abwanawa."

A Jeremiya, bambo wa ana atatu, anavula chipewa nalonjera dambe, amayi ogulitsa usipa ali chigwirire nthiti ndi kuseka. Atangokoka lumo kamodzi, chikamba chinang'ambika.

"Mwapha mphunzitsi wamkulu!" anakuwa Che Amidu. "Wasiya ana asanu ndi awiri! Pepesani amasiye!"

Ndipo anapepesadi.

Zinatero milungu inayi. Ubweya wa malambe unkawayabwa a Jeremiya mpaka m'khwapa, ndipo kunamveka mbiri yoti milambe yonse kufikira ku mtsinje wa Shire inkagwetsa zipatso ndi mantha iwo akamadutsa. Mitambo nayo inayamba kusonkhana, koma chibwano cha munthu anali asanachikhudze.

Lachisanu lina m'mawa, pampando panalibe dambe. Panakhala Che Amidu eni ake, atakweza khosi. Popereka lumo, dzanja lawo linkanjenjemera ngati tsamba la bango, ndipo apo m'pamene a Jeremiya anazindikira chifukwa chake mkuluyo, masiku onsewo, ankauza anthu a ndevu kuti abwere mawa.

"Kokani khungu ndi chala, mwanangu. Lumo ligone, lisaime. Mukandicheka, mkazi wanga Ajira akudikirani kunyumba ndi munsi."

A Jeremiya anameta mosamala, kuyambira kukhutu, kutsika pang'onopang'ono mpaka pam'mero. Magazi sanaoneke. Mkuluyo anasisita chibwano nthawi yaitali.

"Dambe ili lakondwa," anatero motsitsa mawu. "Lumolo lisabwererenso m'thumba mwanga."

Mvula inagwa sabata yotsatira, ndipo lole ya ku Makanjira inapita yopanda a Jeremiya. Apongozi aamuna anabwera okha kudzametedwa, ngakhale anatseka maso mpaka pomaliza.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, Lachisanu lililonse asanapite ku mzikiti, Che Amidu ankakhala pampando uja, namadandaula kuti thovu lachepa. Kenaka Lachisanu lina sanabwere.

Masiku ano malambe a kwa Mponda amagwa ndi ubweya wawo, palibe owafunditsa nsalu. Koma a Jeremiya, amene analera ana onse ndi lumo lija, akapeza dambe panjira amaima, navula chipewa.