Ninaphika Disiketi ya Tisa

Iyayi, sininamumenye mphunzitsi uja, amene anakuuzani ni wabodza. Ninangomugwira tayi. Ndipo mpaka lero nikali wokalipa, chifukwa mulandu si wanga nekha.

Inali nthawi ija makampani ya boma yatagulitsidwa, ise tatsala na maganyu yonyamula masaka ku Industrial Area. Masukulu ya pulayiveti yanamera mu komboni yathu ya Chawama monga tuntemba, tumagolosale twa m'mbali mwa msewu. Ina inalemba pa chipupa kuti ili na makompyuta. Ine nati mwana wanga Tisa asakathyoke msana monga ine, ninamupeleka kumeneko. (Makompyuta yake ya salaula, yotha kale nchito kwina, yolira monga chigayo, koma ine ninadziwa chani?)

Nchito ya mayeso yotsiriza chaka Tisa anali kuilemba pa kompyuta, nakuisunga mu kanthu kakuda ka pulasitiki, disiketi. Akapanda kuipeleka, abwereza giredi.

Tsiku lina abwera nkhope yogwa. "Batate, disiketi yanga yatenga kachilombo. Ba Mwansa, batichala bathu, bakamba kuti kompyuta ya kusukulu yapatsira bonse."

Imwe, ganizani. Zaka zija kumanda tinali kuyendako monga kumsika. Mng'ono wanga ninamuika mu dothi chifukwa cha liwu lomwelo. Manje mwana aniuza kuti kachilombo kali mu chola mwake, pamodzi na mbatata yake ya masana?

M'mawa Tisa atapita kukatunga madzi, ninatola kanthu kaja na pepala (kuopa kukagwira na manja), kukaponya mu poto pa mbaula. Ninathiramo na mchere. Kanakwinyika monga chikumba cha nkhumba.

Kuchoka apo, liwiro kusukulu. Ninalowa mu kilasi osagogoda.

"Ndimwe ba Mwansa? Muika bana bathu pa makina yodwala! Munayapima? Ninabweretsa mwana kuti aphunzire, osati afe!"

Ba Mwansa, tayi yawo ili mu manja mwanga, bakamba mofatsa: "Batate ba Tisa, aka sikagwira munthu, ni ka makina chabe. Bweretsani disiketi nikachotse manje manje, nchito yake ili bwino."

"Naiphika."

"Mwachita bwanji?"

"Naiphika. Na mchere."

Ba Mwansa ni Mubemba, ndiye mudziwa mwamene batisekera ise ba kum'mawa kuti tidya mbewa. Banati, "Mbewa zatha ku Chipata, mwayamba kuphika makompyuta? Mafuta munaikamo?"

Kilasi inagwa na kuseka. Tisa yekha, amene ananilondola mpaka pa khomo, sanaseke. Nchito ya temu yonse inali mu poto, ndipo kunyumba ndowa ya madzi yosamba anali kuniikira pansi osanipenya.

Koma niuzeni imwe, ndani anaika dzina lija? Mazina yonse yali pa dziko, bantu bophunzira banasankha la matenda yamene yatimaliza mu komboni! Nanga kuitana makolo nakutiuza kunavuta chani? Pa fizi batiitana, pa ivi iyayi. Ine mpaka lero disiketi siilowa mu nyumba mwanga, itsala pa khomo na nsapato.

Tisa anailembanso nchito ija, chala chimodzi chimodzi, ndipo anakwera giredi, ngakhale mamakisi yanatsika. Kuti ailembe, panali munthu wina anali kumutsegulira kilasi pa Chiweru chilichonse, osapempha kanthu, amene akaniona nabwera avula tayi nakuibisa mu thumba. Ni ba Mwansa.