Mabatire Apita ku Maliro

Lolemba

Zandiwawa. Mlembi wa mpingo, a Chikafa, akuti ndikachedwanso Lamulungu likubwerali, ulaliki wa kutchalitchi chathu chaching'ono cha kuseri kwa phiri aupereka kwa a Namate. A Namate! Mphunzitsi wa dzulodzuloyu, pa ukulu wa mpingo sanathe n'chaka chomwe. Chimene akundiposa ndi njinga yamoto basi. Tchalitchicho njerwa zake anaumba ndi bambo anga.

Inde, ndachedwa katatu. Mawondo akukana chitunda, koma mutu sunakalambe. Ine ndinapumira ntchito ya zamagetsi kubwalo la ndege ku Chileka, ndingalephere kupanga njinga yokwera phiri yokha?

Zofunika:
njinga yanga yakapalasa
mota ya wilitcheya ija ndinatola ku Ndirande
matayala a mano akuluakulu
mabatire awiri a sola
akazi anga, mayi a Chisomo, asadziwe kuti limodzi ndi la wailesi yawo

Lachiwiri

Adziwa.

Akuti chabwino, koma nkhani za masana ndiziwauza ndine, pakamwa. Ndavomera. Ndili ku Lirangwe kwa wowotcherera, akumata mota kunsi kwa kaliyala. Akundifunsa ngati ndikupanga chigayo. Njinga yalemera ngati thumba la simenti, koma kulemera ndiye kulimba kwake.

Lachitatu

Kuyesa koyamba! Ndakhala pachishalo, ndadina switchi. Njinga yathamanga bwino kwambiri, koma chobwerera m'mbuyo. Ndadzukira m'dimba la tomato la mayi a Chisomo, miyendo ili m'mwamba.

Zowonongeka: tomato mizere iwiri, sipoko zitatu, thalauza langa la kumsonkhano wa akulu a mpingo.

Ndinasemphanitsa mawaya. Ine, munthu ndinkayatsa magetsi oti ndege zizitera! Mayi akuti, "Mwina ikudziwa kuti kuphiriko si kwa msinkhu wanu." Ndasintha mawaya. Sindibwerera m'mbuyo, njingayo ndiye inabwerera.

Lachinayi

Yayenda! Yakwera chulu cha kuseri kwa nyumba osapalasa ngakhale kamodzi. Yadutsa m'zigwembe za kudambo, yalumpha miyala. Ikulira ngati udzudzu waukulu, agalu onse a m'mudzi ali pambuyo panga. Mabuleki ndi ochepa mphamvu, koma kutchalitchiko n'kokwera, za kutsika tiziona tikatha kupemphera. Pamsewu ndakumana ndi a Namate, andiimikira dzanja mwaulemu. Ulemu umenewo ndikuudziwa, ndi wa munthu wodikira mpando. Mabatire ndawadzaza onse. Ulaliki ndalemba masamba anayi. Ndasangalala, sindibisa.

Lachisanu

Maliro. Atisiya a Tebulo, oyandikana nawo nyumba, amene tinkaimba nawo kwaya tili anyamata. Mtima wanga wasweka.

Mmawa womwewu abwera amuna awiri a kubanjako, agwada pakhonde. Akuti magetsi kulibe, zokuzira mawu zilibe moto, ndipo mudzi wonse unaona dzulo kuti mabatire amphamvu ali kwa ine. Ndiyankhe chiyani? Maliro n'kulirana. Munthu wokaniza chinthu pamaliro, tsiku lake adzadzikumbira yekha manda. Ndamasula ndekha ndi sipanala yanga, ndawanyamulira mpaka kusiwa.

Ndapempha chimodzi: nyimbo zisachuluke.

Loweruka

Makwaya abwera asanu ndi limodzi. Aliyense nyimbo zitatu. Kenako mbiri ya malemu, mawu a kuchimuna, mawu a kuchikazi, ndi mlamu wina wochokera ku Lunzu amene wagwira chokuzira mawu osafuna kuchisiya. Ine ndikulira zenizeni, koma khutu limodzi likumvera mabatire anga akutha.

Tayika malemu masana. Mabatire abwera ndi zikomo wambiri, moto mulibe. Ku Lirangwe magetsi sanayakebe. Wometa ali ndi sola, koma pamzere pali mafoni a msika wonse ndipo kuli mitambo. Wanditchajira ola limodzi. Akuti, "Madala, izi zikufikitsani pamlatho."

Sakudziwa zamagetsi ameneyu. Mawa ndikwera phiri!

Lamulungu

Zandifikitsa pamlatho.

Kuchokera apo ndikukankha. Njinga, mota, mabatire awiri, jekete, Baibulo. Thukuta mpaka m'masokosi. Pakati pa chitunda mawondo akana, ndakhala pamwala m'mbali mwa munda wa nandolo. Belu likumveka kuseri kwa phiri. Ndalira, ndinene zoona. Ntchito ya bambo anga yathera pamwala.

Kenako phokoso la njinga yamoto. A Namate. Ndapukuta kumaso, ndakonzeka kuwafunira zabwino zonse. Aima, avula chipewa chawo cha panjinga yamoto. Nkhope yatuwa kuposa yanga.

"Bambo, kwerani chonde. A Chikafa anati ndikonzekere, koma sabata yonse ndalemba mizere iwiri. Anthu aja sindingawaimirire kutsogolo. Ndizikutengani ine mwezi uliwonse, bola musandisiyire guwa."

Ndakwera. Ndawagwira m'chiuno munthu amene ndamunyoza sabata yathunthu. Tafika nyimbo yoyamba isanathe, ndalalikira masamba anga onse anayi, a Namate ali kutsogolo kuvomereza mokweza kuposa aliyense. Manyazi andigwira, koma guwa ndi langabe.

Njinga ya magetsi tayisiya m'munda wa nandolo wa eni ake. Palibe angaibe. Siyinyamulika.