Bokosi la a Namakhwa M'galimoto Yanga Yopanda Denga

Iwe wa chipewa chofiira ukusekawe, seka usekeretu, chifukwa ndikamaliza nkhaniyi sudzakweranso galimoto yopanda denga ngakhale akuuze kuti ndi yaulere. Ine Mofati sindinama. Ndikanakhala wabodza, tsitsi la kumanzereli likanayera bwanji lokha pamene la kumanjali lili bii ngati makala? Sendera uone. Linayera tsiku limodzi, dzuwa likuswa mtengo, pakati pa Ndirande ndi Bangwe.

Zinali zaka zija matipati atangobwera, mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi ku Thyolo ataganiza kuti kukubwera nkhondo, n'kuthawa, kusiyira kuki wake magalimoto atatu. Kukiyo anawakokera ku Maselema n'kumawagulitsa ngati tomato wa madzulo. Ine ndinapitako nditabwereka jekete ya mlamu wanga, manja m'thumba, ndikusankha ngati bwana: pikapu, kagalimoto koyera koyendera magetsi, ndi ina yofiira imene denga lake la nsalu linadyedwa ndi makoswe.

Pikapu ndinaikana ndisanaigwire n'komwe. Simukudziwa kodi kuti mu Ndirande mwini pikapu si mwini? Pikapu ndi ya maliro. Munthu akangotsamwa fupa la nsomba ku Goliyo, anthu ali kale pakhomo pako manja kumbuyo, "achimwene, zagwa," ndipo chaka chonse iwe ukungozungulira mochale, tchalitchi, manda, mochale, tchalitchi, manda, mpaka ana akakuona pamsewu amavula zipewa. Ka magetsi kaja kanali kokongola, koyenda phee ngati mphaka wakuba, koma kukiyo anati kamafuna kugona pa soketi. Soketi kunyumba kwanga? Ndikanakayamwitsa koloboyi? Ndiye ndinaloza yofiira ija. Mumtima ndinati iyi mipando ndi iwiri, bokosi silingalowe, maliro andiphonya. Inalinso yotchipa kwambiri, pa chifukwa chimene ndikuuzeni pomaliza. Inafika kwathu itakokedwa ndi lole ya mchenga, ine ndinauza anthu kuti sindikufuna matayala ade, ndipo ndinaiimika pamtunda pa nyumba, mwala pansi pa tayala.

Eni nyumba imene ndinkachita lendi anali a Namakhwa, mdala Wachilomwe amene anakalambira pa ulonda. M'mawa uliwonse ndikamaipukuta, iwo ali apo ndi ndodo yawo: "Mofati mwananga, tandikwezako kamodzi kokha, ndikaone tauni ndili chikhalire. Moyo wanga wonse ndaiona ndi mapazi." Ine ndinkati, "Mawa madala, lero injini ikupuma." Mawa, mawa, mawa, mpaka mawalo linawapeza ali m'bokosi.

Manda a kwawo anali ku Bangwe. Tsiku loika, lole imene inalonjezedwa inapita kukatuta anthu a msonkhano wa chipani, ndipo anamfedwa onse anatembenuka pamodzi kuyang'ana galimoto yanga. Ndinati bokosi sililowa. Mkulu wa mpingo wina anaizungulira, kuyang'ana kumwamba kumene kunayenera kukhala denga, n'kunena kuti, "Chogona sililowadi, koma choimirira bwanji?" Abale anga, apo ndiye ndinadziwa kuti ndinasankha mopusa, galimoto yopanda denga ilibe malire! Analitsamiritsa bokosi pa mpando wa kumanzere, mutu m'mwamba, n'kulimanga ndi zitenje, ine n'kundikankhira pa chiwongolero. Alongo awo a malemu, a Nakhumwa, analibe pokhala, ndiye anandigwira dzanja nati, "Mwananga, pa mlatho uliwonse muziwauza. Muziti a Namakhwa, tikuwoloka mtsinje wakuti. Wakufa sawoloka madzi osauzidwa." Ine ndinangogwedeza mutu, m'makutu muli ziii.

Anachotsa mwala. Mukumva? Galimoto inatsetsereka, kudutsa masamba a maliro aja amaika pamsewu, kudutsa ogulitsa makala, kuyamba liwiro, ndipo tinawoloka Nasolo ine kukamwa kuli gwaa, osanena kanthu, ndipo titangotsika mlatho ndinamva m'bokosi gogogo, pafupi ndi khutu langa lenilenili, galimoto n'kuima yokha njii, n'kuyamba kubwerera chammbuyo chokwera mtunda, kuwolokanso Nasolo, kuimanso ngati ikudikira kuti ndiyankhule, koma lilime langa linali litamatirira ngati chikondamoyo chosapsa, ndiye inatsikanso mwaukali mpaka amayi ochapa pamtsinje anathawa kusiya zovala zikupita ndi madzi.

Kuchokera apo sindinali dalaivala, ndinali katundu. Gogo kamodzi m'bokosi, galimoto kukhotera kumanzere. Gogo kawiri, kumanja. Ndinachotsa manja pa chiwongolero n'kuwaika pamutu, chiwongolero chikungodzipota chokha, wailesi imene inalibe ngakhale waya n'kuyamba kuimba nyimbo ya maliro m'Chilomwe, ndipo mmalo molunjika ku Bangwe tinawoloka Mudi osauzananso, kulowa m'tauni, kudutsa geti lililonse limene mdalayo analondapo, galimoto ikuchedwa pageti ngati munthu wopereka moni, agalu a m'mipandamo akulira chokweza mphuno kumwamba, kenaka Mbayani, kenaka Chilomoni, kenaka Zingwangwa pakati pa msika penipeni osagunda ngakhale dzira limodzi, minibasi zikupatuka zokha, makondakitala atasiya kuitanira, kukamwa kuli yasa. Wapolisi wa pamsewu anaimika dzanja, bokosi linapendekeka kumuyang'ana, ndipo wapolisiyo anachita sawatcha n'kukomoka ali chiimire. Ndikulumbira, ena amati anadzuka atamusamutsira kale ku Nsanje.

Ndinayesa kudumpha. Chitenje chimodzi chomangira bokosi chinamasuka chokha, n'kudzandizinga m'chiuno, n'kumanga mfundo ya mtundu uja amamangira mbuzi. Mvula inabwera kuchokera ku Soche, yamatalala, ikugwa kumanja, ikugwa kumanzere, koma m'galimoto yopanda dengayo osadontha ngakhale kamodzi, ndipo mbali ya mutu wanga yoyandikana ndi bokosi inayamba kuzizira ngati aikapo ayezi, ine ndikumva tsitsi likuyera limodzilimodzi, tswi, tswi, tswi. Mukumva? Munthu kumva tsitsi lako likuyera!

Tinawoloka Naperi osauzananso, ndipo kamtsinje ka Limbe tinakawoloka matayala osakhudza mlatho. Tinakwera Bangwe ngati mphenzi, ndipo ndili pamtunda ndinaona manda, anthu atafika kale pa minibasi, adzukulu okumba ataima patali makasu atataya pansi, chifukwa dzenje limene anakumba la munthu mmodzi linali likudzikuza lokha, dothi likugumuka, m'litali, m'lifupi, mpaka linafika msinkhu weniweni wa galimoto yanga yofiira, ndi malo a ine ndemwe. Apo ndinazindikira. Mdalayo sankafuna kutsika. Ankafuna apite nayo, pamodzi ndi dalaivala wake.

Galimoto ikulunjika dzenje, anthu akumwazikana, ndinaona a Nakhumwa okha ataima njii, akuloza pakamwa pawo ndi chala. Ndinavula chipewa, ndinang'amba lilime lija pamene linamatirira, n'kukuwa mpaka ku Machinjiri anamva: "A Namakhwa bambo anga, pepani! Tawoloka Nasolo! Tawolokanso Nasolo! Tawolokanso kachitatu! Tawoloka Mudi, tawoloka Naperi, tawoloka Limbe, tauni mwaiona muli chikhalire, pano tafika kwanu, tsikani nokha, ine ndili ndi ana!"

Tswiii! Matayala akutsogolo anali lende m'dzenje. Wailesi inazima. Chitenje chinandimasula. M'bokosi munamveka gogo kamodzi, kofatsa, ngati munthu wogogoda pa bodi ya minibasi kuti wafika pa siteji yake, ndipo dzenje lija linabwerera pamsinkhu wake pang'onopang'ono anthu onse akuona. Anyamata anayi analinyamula bokosilo ngati dengu lopanda kanthu.

Galimotoyo ndinaisiya pomwepo, ndinabwerera wapansi, ndipo pa mlatho uliwonse ndinkadziuza ndekha mokweza kuti Mofati, tikuwoloka. Mpaka pano ndimatero, mukandiona ndikuyankhula ndekha pa Nasolo musati ndi mowa.

Iwe wa chipewa chofiira, ukuti chiyani? Ukuti ndinangosochera ndi mantha n'kumaponda moto mmalo mwa buleki? Ha! Mwana iwe, ine Mofati kuyendetsa galimoto sindidziwa mpaka lero, buleki sindidziwa kuti ili phazi liti. Ndipo chifukwa chija inali yotchipa n'chakuti kuki uja anali atagulitsa kale injini kwa wa chigayo. M'boneti munkaikira mazira nkhuku ya a Namakhwa omwewo. Ndiye tandiuza iweyo, poti ndiwe wanzeru, anakwera nayo mtunda wa Bangwe ndani?