Chipolopolo Chokulira M'njira

A Tembo, ikani kapu ya tiyiyo pansi, ndakuonani mukutsinzinira anzanu diso. Inu a ku Chipata mumakayika chilichonse chimene sichinachitikire kwanu. Amene akuti ndine wabodza aimirire pompano, adzagwire chinthu chili m'thumba mwangamu. Palibe? Ndiye khalani chete, nanunso ana obadwira kuno zimitsani mafoniwo.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito ku fakitale ya zitsulo ku Hamilton, ndipo mzungu wina wokalamba wa pantchitopo ndiye anandiphunzitsa kuumba ndekha zipolopolo. Umasungunula mtovu m'kampoto, n'kuuthira m'chikombole monga timachitira ndi njerwa, ukazizira n'kupanikiza chipolopolocho kuti chidutse pa kachitsulo kabowo, chituluke chonenepa mwa muyeso umene wasankha. Nkhani yonse yagona pa kachitsulo kameneko. Mzungu uja anakankha kamtovu kofewa ndi ndodo kudutsa mumpope wa mfuti yanga, n'kukayeza, n'kundiuza kuti chipolopolo chiziposa bowo la mpope pang'ono chabe, mosafika ngakhale pa tsitsi limodzi, kuti chithine, mpweya wa onga usathawire m'mbali.

Ndinamuseka chamumtima. Chothina? Ine amene ndinavala peyala imodzi ya nsapato kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4 ku Dedza, poyamba nditatsindira nyuzipepala kuzala? Kwathu mwana sitimugulira chomuthina, timamusiyira malo oti akuliremo. Choncho ndinasankha kachitsulo ka bowo laling'ono, zipolopolo zanga n'kutuluka zowonda, zoti zizikhala mumpope momasuka.

Malemu mkazi wanga NaBanda anali atatopa nane. Zaka zitatu ndikupita kukasaka kutchire la kumpoto, zaka zitatu ndikubwerako ndi chimfine chokha. Tsiku lonyamuka anaima pakhomo n'kuti, "Bambo a Chikondi, ulendo uno mukabwera chimanjamanja, mfuti ndi kampoto kanuko zituluka m'nyumba muno." NaBanda sankabwereza mawu.

Mmawa wa tsiku lachiwiri, masamba atafiira, udzu utayera ndi chisanu, ndinaona chinyama chija amati muusi, chachitali kuposa ntchefu, nyanga zake ngati mafosholo awiri, chitaima kutsidya kwa dambo. Ndinagwada, ndinalunjika, ndinakoka. Mukumva? Mfuti sinalire "phoo" ayi, inangotsokomola, chipolopolo n'kumagwedera mumpope ngati mwala m'chitini, n'kutuluka chikudzandira ngati munthu wochokera ku kachasu, ine n'kuti basi, mfuti yanga yapita. Koma abale inu, chinthu ukachisiyira malo oti chikulire, chimakuladi! Pamapazi khumi chinali ngati mbatata, pamapazi makumi awiri ngati dzungu, pofika pakati pa dambo chinali ngati mtondo wosinjira, chikuuluka chopingasa, chikulira ngati sitima ya pansi pa nthaka ikamalowa pa siteshoni, ine kukamwa kuli yasa, chipewa chitagwa.

Muusi uja anakweza mutu, anaona chimtondo cha mtovu chikubwera, anagwada ngati ali m'tchalitchi, chipolopolo n'kumudutsa pamwamba, n'kukagwetsa mitengo isanu ndi iwiri motsatana, yonse n'kugona yodulidwadulidwa ngati nkhuni za pamsika, n'kukatera pa kanyanja kena, n'kudumphapo katatu, madzi onse n'kukhuthukira kumtunda, nsomba n'kutsala zikuphiriphitha pamatope zikuyang'anana. A Tembo, musagwedeze mutu, sindinathe. Popeza chinali chopendekera mbali imodzi, chinakhota chokha kuseri kwa phiri, n'kuyamba kubwerera, tsopano chitafika pa msinkhu wa basi ya ku Scarborough, chikufunafuna nsapato yake, ndiye kuti mpope umene unali m'manja mwanga!

Ndinathamanga, anthu inu. Ine wa mimba iyi ndinadumpha mtsinje osanyowa, ndinapitirira agwape awiri amene ananyamuka ine ndisananyamuke, ndinataya jekete, ndinataya nsapato, koma mfuti sindinataye, chifukwa chipolopolo ndinkachiopa, koma NaBanda ndinkamuopa koposa. Ndinazungulira dambo lonse mpaka ndinadzapunthwa pa muusi yemwe uja. Anali atafa. Thupi lonse lopanda bala, maso ali tong'o. Mtima wake unangoima ndi mantha, ndipo ndikulumbira pali manda a bambo anga, ubweya wake wonse unali utachita imvi.

Chimene chinandipulumutsa ndi chisanu cha dziko lino, chimene chimafinya chilichonse, ngakhale munthu. Chipolopolo chija chinayamba kuzizidwa, n'kumachepa, basi kukhala mtondo, mtondo kukhala dzungu, dzungu kukhala mbatata, n'kudzagwa pamapazi panga chili njenjenje. Ndi ichi. Gwirani, a Tembo. Mukuona kuphwanyika chammbaliku? Chipolopolo chabwino chimaphwanyika kumphuno.

Ndinafika kunyumba ndi ntchafu ziwiri zokha, chifukwa galimoto yanga inali yaing'ono. NaBanda anaziika patebulo, anazitembenuza, anazinunkhiza, kenako anaima nthawi yaitali akuyang'ana malo amodzi.

"Bambo a Chikondi," anatero, "muusi wa kuno amabadwa ndi chidindo cha kubutchala pantchafu?"

Ndinati dziko lino ndi la malamulo, chilichonse amachidinda.

Anandiyang'ana, anayang'ana mapazi anga opanda nsapato, n'kutenga mpeni n'kuchekapo pachidindopo, n'kutaya. Lamlungu lake anaphikira mpingo wonse n'kuwauza kuti ndi muusi, ndipo a Tembo munadya mbale ziwiri, mukuti nyama ya kutchire ili ndi fungo lakelake. Ine sabata yonse ndinakhala ndikupala mtovu umene unamatirira mumpope, kenako ndinapita mwakachetechete kwa mzungu uja kukabwereka kachitsulo ka bowo loyenera.

Mfutiyo ikadali m'kabati yake yokhoma mpaka lero. Munthu mmodzi yekha pa dziko lonse lapansi ndiye akanatha kunditsutsa, ndipo anakhala nane zaka zina khumi osatsegula pakamwa, mpaka tinakamugoneka kumanda a ku North York. Iye anati ndi muusi. Nanga inu a Tembo ndinu ndani? Bwezani chipolopolo changa.